Mbiri ya Sarcoma ya Prostate: Khansa Yosowa Imene Inazunguza Madokotala Zaka Zoposa 150

M'chaka cha 1839, dokotala wa maopaleshoni wa mu mzinda wa London, Richard Stafford, analemba lipoti la mwana wamwamuna wa zaka zisanu amene prostate yake inatupa modabwitsa. Madokotala a nthawiyo ankadziwa kale kuti kachiwalo kameneka kamasautsa nkhalamba. Kamakula, kamapana njira ya mkodzo, mkulu n'kumadzuka usiku kangapo kapena kulephereratu kutaya madzi. Koma pa mwana wa zaka zisanu panalibe buku limene likanafotokoza. Stafford anangotcha chotupacho dzina potengera maonekedwe ake oderako, ndipo ambiri amene analemba pambuyo pake amaika lipoti lakelo pakati pa malipoti oyambirira a sarcoma ya prostate.

Panapita zaka 14 kuti dokotala wina wa pa London Hospital, John Adams, afotokoze khansa ya prostate ya akuluakulu imene inatsimikiziridwa pa maikulosikopu. Munali mu 1853, ndipo Adams ankaona ngati wakumana ndi nthenda yosowa kwambiri. Nthawi yamutsutsa. Lero amuna oposa 1.4 miliyoni amapezeka ndi khansa imeneyi chaka chilichonse pa dziko lonse, ndipo ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa abambo. Yosowa yeniyeni ndi ija ya mwana amene Stafford anaona. Mwa anthu 1,000 amene apezeka ndi khansa ya prostate, mmodzi kapena awiri okha ndiwo amakhala ndi sarcoma. Dokotala akhoza kugwira ntchito mpaka kupuma osakumanapo nayo.

Kuti kusiyana kwa khansa ziwirizi kumveke, tiyambe ndi kapangidwe ka kachiwaloko. Prostate imakhala kunsi kwa chikhodzodzo, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Mwa mwamuna wachinyamata imalemera pafupifupi magalamu 20. Ntchito yake ndi kupanga gawo la madzi a umuna. M'kati mwake muli timatumba ting'onoting'ono topanga madziwo, koma timatumbato sitiima patokha. Monga nyumba ya mitengo imaima chifukwa cha nsichi ndi mbalo zimene zimabisika m'dothi, timatumbati timagwiridwa ndi minofu yosalala, ulusi wa mnofu ndi mitsempha ya magazi. Madokotala amatcha zogwirizirazi stroma. Khansa yofala ija imayambira m'maselo a timatumba, ndipo ndi ya mtundu wa carcinoma. Ikayambira m'zogwirizira, ndiyo sarcoma. Kuno kwathu mawu oti sarcoma si achilendo, chifukwa mabanja ambiri anaona sarcoma ya Kaposi m'zaka zimene Edzi inavuta kwambiri. Imeneyo imayambira m'maselo a mitsempha ndipo imadza ndi kachilombo, pomwe ya prostate ilibe kachilombo kodziwika koiyambitsa. Chimene zikufanana ndi chakuti zonse zimamera m'zogwirizira za thupi.

Kudziwa zimenezi kunatenga nthawi yaitali. Niccolò Massa wa ku Venice anafotokoza prostate mu 1536, ndipo Andreas Vesalius anaijambula mu 1538, koma kwa zaka 300 zotsatira chotupa chilichonse chinkaweruzidwa ndi maso ndi chala: cholimba kapena chofewa, choyera kapena choderako. Zinthu zinasintha ku Berlin. Mu 1838 Johannes Müller anasindikiza zimene anaona poika zotupa pa maikulosikopu, ndipo wophunzira wake Rudolf Virchow anapitiriza ntchitoyo. Mu 1858 Virchow anaphunzitsa kuti matenda amayambira m'maselo, ndipo m'mabuku ake a zotupa a m'ma 1860 anasiyanitsa sarcoma ndi carcinoma momveka kuposa onse amene anamutsogolera. Kuyambira pamenepo funso la dokotala linasintha. Sanangofunsanso kuti chotupa chili pati, anayamba kufunsa kuti chachokera m'selo la mtundu wanji. Mbiri yonse ya sarcoma ya prostate ndi mbiri ya funso limenelo.

Maopaleshoni anatsogola, nzeru za maselo zikubwera m'mbuyo. Mu 1900 Peter Freyer wa ku London anayamba kutchuka ndi njira yochotsa prostate yotupa podzera m'chikhodzodzo. Mu 1904 Hugh Hampton Young wa pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore anachotsa prostate yonse ya munthu wodwala khansa, ndipo mu 1945 Terence Millin anaonetsa njira yofikira kachiwaloka podzera kuseri kwa fupa la pachinena. Njira zimenezi zinathandiza amuna ambirimbiri. Kwa odwala sarcoma zinathandiza pang'ono chabe. Sarcoma imakula mofulumira, ndipo pamene wodwala ankafika kwa dokotala, chotupa chinkakhala chitadzaza kale m'chiuno, chitakankha chikhodzodzo m'mwamba ndi kupana thumbo la chimbudzi kumbuyo. Dokotala akachotsa chimene akanatha, chinkaphukanso pasanathe miyezi. Malipoti a zaka zimenezo ndi omvetsa chisoni kuwerenga, makamaka a ana, amene ambiri ankamwalira chaka chisanathe.

Kenako kunabwera zinthu zitatu zimene zinasintha kotheratu chithandizo cha khansa ya prostate, ndipo zonse zitatu zinailambalala sarcoma. Apa ndi pamene pagona nkhani.

Choyamba chinachokera ku Chicago. Mu 1941 Charles Huggins ndi Clarence Hodges anaonetsa kuti khansa yofala ya prostate imadalira mahomoni achimuna. Munthu akathenedwa kapena kupatsidwa mahomoni achikazi, chotupa chinkafota ndipo ululu wa m'mafupa unkachepa. Huggins analandira mphoto ya Nobel mu 1966 chifukwa cha ntchitoyi, ndipo jakisoni wa mahomoni amene abambo ambiri amabayidwa lero ndi mdzukulu wa nzeru imeneyo. Koma maselo a sarcoma samvera lamulo limeneli. Mungathe kuchotsa mahomoni onse achimuna, chotupa n'kumakulabe. Chachiwiri chinabwera m'chaka chomwecho cha 1966, pamene Donald Gleason wa ku Minneapolis anakhazikitsa njira yopimira ukali wa khansa ya prostate poona mmene timatumba ta chotupa tayalidwira. Mpaka lero pafupifupi lipoti lililonse la khansa yofala ija limatuluka ndi manambala a Gleason. Koma sarcoma ilibe timatumba toti n'kupima, choncho muyeso wa Gleason sugwirapo ntchito.

Chachitatu ndicho chimasocheretsa kwambiri, ndipo ndikufuna owerenga achimvetse bwino. Mu 1979 gulu la T. Ming Chu la pa Roswell Park ku Buffalo linapatula puloteni yotchedwa PSA kuchokera mu prostate. Boma la America linavomereza kuyeza PSA m'magazi mu 1986 pofuna kutsatira odwala, ndipo mu 1994 linavomereza kuti izithandizanso pofufuza khansa. Kuyambira pamenepo, m'maganizo a anthu ambiri ngakhale a azaumoyo ena, PSA yotsika inayamba kutanthauza kuti prostate ilibe khansa. Vuto ndi lakuti PSA imapangidwa ndi maselo a timatumba. Maselo a zogwirizira saipanga. Munthu akhoza kukhala ndi sarcoma yaikulu yodzaza m'chiuno, magazi ake n'kuonetsa PSA yabwinobwino. Chida chimene chathandiza kupeza khansa mwa amuna mamiliyoni chimatha kupereka mtendere wabodza kwa wodwala sarcoma, amene nthawi zambiri amakhalanso wamng'ono moti palibe amene akuganizira za khansa. Sindikunyoza PSA. Ndikunena kuti chida chilichonse chili ndi malire, ndipo odwala matenda osowa ndiwo amakhala kunja kwa malirewo.

Chipambano chenicheni pa sarcoma ya prostate chinachokera kwa madokotala a ana, ndipo nkhani yake ndi yofunika kuifotokoza mwatsatanetsatane.

Mwa ana, sarcoma ya prostate nthawi zambiri imakhala ya mtundu wotchedwa rhabdomyosarcoma. Maselo ake amaoneka ngati minofu yoyendetsa mafupa imene sinakhwime, yofanana ndi ya mwana amene akali m'mimba. Dokotala wa ku Germany, Weber, anafotokoza chotupa chotere pa lilime mu 1854, koma anali Arthur Purdy Stout wa ku New York amene mu 1946 anachikhazikitsa ngati nthenda yapayokha. Mu 1958 Horn ndi Enterline anachigawa m'mitundu inayi, ndipo mtundu umene umapezeka kwambiri mu prostate ndi m'chikhodzodzo ndi uja amautcha embryonal. Umagwira makamaka anyamata aang'ono, ambiri osakwana zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Mwana amayamba kuvutika pokodza, amalira, mkodzo umadontha pang'onopang'ono kapena kuima, nthawi zina umatuluka ndi magazi, ndipo m'munsi mwa mchombo mumamveka cholimba. Kawirikawiri chotupa chimakhala chachikulu moti ngakhale dokotala sangadziwe ngati chayambira mu prostate kapena pansi pa chikhodzodzo, n'chifukwa chake mabuku amazitchula pamodzi.

Yankho loyamba limene linapulumutsako ana linali opaleshoni yoopsa. Mu 1948 Alexander Brunschwig wa pa Memorial Hospital ku New York anafotokoza opaleshoni yochotsa ziwalo zonse za m'chiuno mwa odwala khansa yofalikira. Mu 1950 Eugene Bricker wa ku St Louis anaonetsa njira yodula kachigawo ka thumbo, kulumikizako timachubu tochokera ku impso, ndi kutulutsira mkodzo pamimba m'kathumba. Madokotala a ana anatenga njira ziwirizi. Ankachotsa chikhodzodzo ndi prostate, nthawi zina ndi thumbo la chimbudzi lomwe. Ana ena anakhaladi ndi moyo, chinthu chimene kale sichinkachitika. Koma taganizirani mtengo wake: mnyamata wa zaka zitatu amene adzakula, kupita ku sukulu ndi kufika pa unyamata ali ndi kathumba ka mkodzo pamimba, mwinanso kachiwiri ka chimbudzi, ndipo mitsempha yothandiza pa nkhani za m'banja itadulidwa. Madokotala amene ankachita zimenezi sanali ankhanza. Analibe china chopereka, ndipo kholo lililonse likanasankha mwana wamoyo wa kathumba kusiyana ndi manda.

Mankhwala ndiwo anatsegula njira ina, ndipo anachokera m'malo osayembekezeka. Actinomycin inapezeka mu 1940 ndi Selman Waksman ndi Boyd Woodruff a pa yunivesite ya Rutgers, kuchokera ku tizilombo ta m'nthaka. Inali yaukali kwambiri moti sikanagwiritsidwa ntchito pa matenda wamba, koma m'ma 1950 Sidney Farber wa ku Boston anaona kuti actinomycin D imafotetsa zotupa za ana. Mu 1959 Giulio D'Angio, amene ankagwira ntchito ndi Farber, anaonetsa kuti mankhwalawa amawonjezera mphamvu ya chithandizo cha cheza chotchedwa radiotherapy. Cyclophosphamide inapangidwa ku Germany m'ma 1950. Vincristine inachokera ku duwa la ku Madagascar lotchedwa Catharanthus roseus, ndipo inavomerezedwa ku America mu 1963. Duwali ambiri timalidziwa ngakhale sitilitchula dzina, ndi lija la timaluwa tapinki kapena toyera limene limamera m'mabwalo a nyumba, m'masukulu ndi m'mbali mwa misewu ya m'matauni athu. Pano ndichenjeze: kuwiritsa masamba ake sikuchiza khansa ndipo kungathe kuvulaza. Mankhwala amene ali m'duwali ndi ochepa zedi, amapatulidwa m'mafakitale kuchokera ku masamba ochuluka kwambiri, ndipo amaperekedwa m'mitsempha pa muyeso wowerengedwa bwino.

Mu 1961 Donald Pinkel ndi John Pickren analemba kuti rhabdomyosarcoma iyenera kumenyedwa ndi zida zitatu pamodzi, opaleshoni, cheza ndi mankhwala, ndipo mankhwalawo aziperekedwa ngakhale chotupa chitaoneka kuti chachotsedwa chonse. Ganizo linali lomveka, koma kulitsimikizira kunali kovuta. M'dziko lalikulu ngati America, ana amene amapezeka ndi rhabdomyosarcoma pa chaka ndi pafupifupi 350, ndipo a prostate ndi chikhodzodzo ndi kagawo chabe ka chiwerengerocho. Chipatala chimodzi chikhoza kuona mmodzi kapena awiri pa chaka. Dokotala aliyense ankachita zimene ankakhulupirira, ndipo palibe amene anali ndi odwala okwanira kuti adziwe ngati njira yake iposa ya mnzake.

Mu 1972 magulu atatu a madokotala a khansa ya ana ku America anagwirizana kuyambitsa kafukufuku mmodzi wotchedwa Intergroup Rhabdomyosarcoma Study, motsogozedwa ndi Harold Maurer. Zipatala zambiri zinavomera kutsatira ndondomeko imodzi, kutumiza zidutswa za zotupa kwa akatswiri amodzimodzi kuti atsimikize dzina la nthenda, ndi kulemba zotsatira zonse, zabwino ndi zoipa zomwe. Kwa ine, apa ndi pamene mbiri ya nthendayi inatembenukira, kuposa tsiku limene mankhwala aliwonse anapezeka. Kudzichepetsa kwa dokotala wotchuka kuti asiye njira yake n'kutsata ya gulu si chinthu chapafupi. Mankhwala atatu aja, vincristine, actinomycin D ndi cyclophosphamide, anakhala msana wa chithandizo, ndipo akadali msana mpaka lero ku America. Chisanafike chaka cha 1970, mwana mmodzi yekha mwa anayi odwala rhabdomyosarcoma ndiye ankachira. M'kafukufuku woyamba, wa 1972 mpaka 1978, ana 55 mwa 100 anali moyo patapita zaka zisanu. M'wachiwiri anafika 63, ndipo m'wachitatu, wa 1984 mpaka 1991, anapitirira 70.

Ana atayamba kuchira, funso linasintha. Silinalinso loti kodi mwana akhala moyo, koma loti adzakhala moyo wotani. Gululo linayamba kuyesa kupereka mankhwala poyamba, kenako cheza, opaleshoni yaikulu n'kuisungira okhawo amene chotupa chakana kufota. Poyamba zotsatira sizinasangalatse: m'makafukufuku awiri oyambirira, pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi odwala chotupa cha prostate ndi chikhodzodzo ndiye ankatsala wamoyo ndi chikhodzodzo chake. M'wachitatu, atawonjezera mphamvu ya mankhwala ndi kupereka cheza msanga, chiwerengerocho chinafika pafupifupi 60 mwa 100. Koma gululo silinadzinamize. M'kafukufuku wachinayi, wa 1991 mpaka 1997, ana oposa 80 mwa 100 anachira, komabe atafufuza bwino anapeza kuti pafupifupi anayi okha mwa khumi ndiwo anali ndi chikhodzodzo chogwira ntchito bwinobwino. Ena anali nacho, koma cheza chinali chitachiumitsa, mkodzo n'kumangodontha, impso n'kumavutika. Kusunga chiwalo ndi kusunga ntchito yake ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ndimalemekeza ofufuzawo chifukwa anasindikiza zimenezi poyera m'malo mongolengeza chipambano.

Ku Ulaya madokotala anatsata njira yosiyanako. Bungwe la madokotala a khansa ya ana la SIOP, limene linakhazikitsidwa mu 1969, linkayesetsa kuchepetsa cheza mwa ana aang'ono poopa kuwononga mafupa ndi ziwalo zimene zikukula, ndipo m'malo mwa cyclophosphamide anthu a ku Ulaya amakonda ifosfamide. Pa chipatala cha Gustave Roussy ku Villejuif, pafupi ndi Paris, anakonza njira yochotsa gawo lokha la prostate kapena la chikhodzodzo, kenako n'kuika timachubu topereka cheza pamalo enieni a chotupa, kuti ziwalo zoyandikana zisapse. Mbali ziwirizi zakhala zikutsutsana mwaulemu kwa zaka zambiri, ndipo kutsutsanako kwapindulitsa ana. Mu 2000 gulu la ku America lija linalowa m'bungwe lalikulu la Children's Oncology Group.

Nthenda yosowayi inaphunzitsanso dziko za khansa yoyenda m'magazi a banja. Mu 1969 Frederick Li ndi Joseph Fraumeni, atafufuza mafayilo a ana oposa 600 odwala rhabdomyosarcoma, anapeza mabanja angapo m'mene ana anali ndi sarcoma, amayi awo ali ndi khansa ya m'mawere akali achitsikana, ndipo abale ena ali ndi khansa zina. Mu 1990 zinadziwika kuti gwero lake ndi kuwonongeka kwa jini yotchedwa TP53. Ana ambiri odwala rhabdomyosarcoma alibe vuto limeneli, koma n'chifukwa chake dokotala wabwino amafunsa za matenda a kuchimuna ndi kuchikazi komwe.

Akuluakulu sanapeze mwayi wa ana. Mwa iwo, sarcoma ya prostate imene imapezeka kawirikawiri ndi leiomyosarcoma, yochokera ku minofu yosalala. Kusowa kwake kumaoneka pa manambala awa: chipatala chachikulu cha Mayo Clinic chinasindikiza mu 1995 lipoti la odwala 23, ndipo cha MD Anderson ku Houston chinasindikiza mu 2001 lipoti la akuluakulu 21 odwala sarcoma ya prostate ya mitundu yosiyanasiyana, amene anasonkhanitsidwa pa zaka zambiri. Malipoti otere, a anthu makumi awiri, ndiwo maziko a zimene zimadziwika. Zimene amaonetsa n'zofanana. Chiyembekezo chachikulu chili pa opaleshoni yochotsa chotupa chonse osasiya kanthu m'mphepete, ndipo nthawi zambiri chikhodzodzo chimachoka limodzi ndi prostate. Mankhwala monga doxorubicin ndi ifosfamide, amene anabwerekedwa ku chithandizo cha sarcoma za m'ziwalo zina, amathandizako pamodzi ndi cheza, koma sachita zodabwitsa zija za kwa ana. Nthendayi imayenda m'magazi kupita ku mapapo, chiwindi ndi mafupa, ndipo amene yawafalikira kale sakhalitsa. Palinso ochepa amene sarcoma imawagwira patapita zaka zambiri atalandira cheza m'chiuno pochiza khansa ina. Zimenezi zimachitika mwa apo ndi apo kwambiri, ndipo si chifukwa chokanira radiotherapy pamene yafunika.

Panatsala gulu lina la zotupa limene linasokoneza akatswiri mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1900. Izi zimachokera ku zogwirizira zapadera za prostate yeniyeniyo, zimene zimamva mahomoni. Zina zinkaoneka ngati kutupa wamba kwa ukalamba koma zili ndi maselo achilendo. Zina zinkafanana ndi chotupa cha m'mawere chooneka ngati masamba chimene Müller anafotokoza mu 1838, chotchedwa phyllodes. Katswiri aliyense ankazipatsa dzina lake, moti nthenda imodzi inali ndi maina ambirimbiri, ndipo dokotala wa ku Tokyo sakanadziwa kuti akuona chinthu chomwecho chimene mnzake wa ku Boston anaona. Mu 1998 Paul Gaudin, Juan Rosai ndi Jonathan Epstein anasonkhanitsa zotupa 22 zotere n'kuzigawa pawiri. Zimene zinali khansa yoonekeratu anazitcha stromal sarcoma. Zinazo anavomera kuti khalidwe lake silingaloseredwe, ndipo lero zimadziwika ndi chidule chakuti STUMP, kutanthauza chotupa cha zogwirizira chimene sichidziwika ngati chidzasanduka khansa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalandira kagawidwe kameneka m'buku lake la 2004. Mu 2006 Mehsati Herawi ndi Epstein anafufuza zotupa 50 ndipo anapeza kuti zambiri za STUMP zimakhala zofatsa kwa zaka, zina zimaphukanso zikapalidwa, ndipo mwa odwala ena STUMP ndi sarcoma yeniyeni zinapezeka m'kachiwalo kamodzi.

Apa ndi pamene wodwala ndi dokotala amakhala pa mphambano yovuta. Kuchotsa prostate yonse kungakhale kuvulaza munthu chifukwa cha chotupa chimene sichikanamupha. Kuisiya kungakhale kusiya sarcoma imene singano yotengera kachidutswa inaiphonya. Msinkhu wa munthu, kukula kwa chotupa, zimene makina a MRI akuonetsa ndi kuthekera kwa wodwala kubwera kudzayezedwa pafupipafupi, zonsezi zimaikidwa pa sikelo. Kwa bambo wokhala kutali ndi chipatala, amene ulendo umodzi umadya ndalama za fetereza, mawu oti tizingoyang'anira ali ndi kulemera kwina kumene mabuku a ku Baltimore sanakuwerengere.

Chimene chathandiza kwambiri m'zaka zaposachedwa ndi utoto wapadera wa m'labotale umene umagwira mapuloteni a m'maselo n'kuulula mtundu wake. Njirayi inafala m'ma 1980. Myogenin imaulula rhabdomyosarcoma, desmin imasonyeza minofu, ndipo zotupa za zogwirizira za prostate nthawi zambiri zimagwira CD34 ndi cholandirira homoni ya progesterone. Utoto umenewu unaululanso kuti zotupa zina zimene zinkatchedwa sarcoma ya prostate sizinali za prostate n'komwe. Zinali zotupa za khoma la thumbo la chimbudzi zotchedwa GIST, zimene zimakankha prostate kuchokera kumbuyo. Mu 1998 Seiichi Hirota ndi anzake ku Japan anapeza kuti zambiri mwa izo zimayamba ndi kuwonongeka kwa jini ya KIT, ndipo pofika 2002 mapiritsi a imatinib anavomerezedwa kuzichiza. Anthu awiri akhoza kubwera ndi zizindikiro zofanana, chithunzi chofanana ndi maselo ofanana pa maikulosikopu, koma wina afunika opaleshoni yaikulu pomwe mnzake angayambe ndi mapiritsi. Wosiyanitsa awiriwa ndi katswiri wa m'labotale amene wodwala samuona nkhope.

N'chifukwa chake mbiri imeneyi, ngakhale inachitikira ku London, Berlin, Baltimore ndi Paris, ikutikhudza. WHO imanena kuti m'maiko olemera ana oposa 80 mwa 100 odwala khansa amachira, pomwe m'maiko ambiri osauka safika 30, ndipo mu 2018 inakhazikitsa cholinga choti pofika 2030 ana 60 mwa 100 azichira pa dziko lonse. Mankhwala atatu aja amene anatembenuza mbiri ya rhabdomyosarcoma ndi akale ndipo si okwera mtengo poyerekeza ndi atsopano. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi zigawo zothandiza ana odwala khansa, ndipo ku Lusaka kuli Cancer Diseases Hospital. Chimene chimapha kwambiri ndi kuchedwa. M'madera a m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo, mnyamata akakodza magazi aliyense amaganiza za likodzo, ndipo nthawi zambiri amakhala akulondola. Mnyamata wa zaka 25 akavutika pokodza, ganizo loyamba limakhala matenda opatsirana pogonana, ndipo manyazi amamubweza kunyumba. Maganizo oyambawa ndi oyenera, chifukwa matenda ofala ndiwo ayenera kuganiziridwa poyamba. Cholakwa chimabwera pamene mankhwala alephera kawiri kapena katatu koma palibe amene akufunsa funso lina.

Inu makolo, mwana wamwamuna akalephera kukodza, akamakodza movutikira masiku angapo, kapena mukamva cholimba m'munsi mwa mchombo wake, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo akalandira mankhwala a likodzo kapena a matenda a m'chikhodzodzo koma osasintha, bwererani mukapemphe kuti amuunike pa sikani. Inu abambo amene simunafike zaka 50 koma mkodzo ukukuvutani ndipo vutolo likukula pa masabata owerengeka, musakhutire ndi PSA yotsika, lolani dokotala akupimeni ndi chala ndi makina. Ndipo inu azaumoyo, prostate yaikulu mwa mwana kapena mwa wachinyamata imafunika kutumiza wodwalayo ku chipatala chachikulu msanga kuti akatenge kachidutswa, ndipo chilichonse chimene chapalidwa kapena kudulidwa pa opaleshoni ya prostate chizipita ku labotale, ngakhale chitaoneka ngati kutupa wamba.